Chiwongolero chinkanjenjemera, galimoto n'kumakokera kumanzere

Kwa miyezi inayi ndinkayendetsa galimoto yanga mkono uli gwa, koma osazindikira. Linandiuza ndi phewa. Tsiku lina nditayenda ulendo wa maola atatu ndinatsika phewa lamanja likuwawa ngati ndasenzapo thumba la simenti, ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti njira yonse ndinkalimbana ndi chiwongolero. Galimoto inkafuna kumanzere, ine n'kumaibweza, iyo n'kumabwereranso. Kuwonjezera apo, singano ya liwiro ikangofika pa 90, chiwongolero chinkayamba kunjenjemera mpaka lamba wachitsulo wa wotchi yanga n'kumalira pamkono. Ndikadutsa 110 kunjenjemerako kunkazilala. Ndikatsikira pa 70 kunali zii.

Ndinapita kugalaja ina n'kunena mawu awiri okha: ikunjenjemera, ikukoka. Mnyamata amene anandilandira sanafunsenso kanthu. Anangoti, "Imeneyo ndi alignment, bwana," n'kuikweza pamakina. Nditabwerera pamsewu chiwongolero chinali chitakhala pakati bwinobwino, koma pa 90 chinayambanso zake zija, ndipo galimoto inkafunabe kumanzere. Nanenso sindinamupatse mnyamatayo pogwira, ndikuvomera. Komabe mpaka lero zimandiwawa kuti munthu angalandire ndalama ya vuto la chiwongolero asanaiyendetse galimotoyo ngakhale kilomita imodzi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kunjenjemera ndi kukoka ndi matenda awiri. Amatha kubwera limodzi, koma kawirikawiri gwero lake silikhala limodzi. Kunjenjemera kumachokera ku chinthu chimene chikuzungulira mosakhala bwino: tayala, limu, disiki ya buleki, shafti. Kukoka kumabwera pamene mbali imodzi ya galimoto ikukumana ndi zosiyana ndi inzake, kaya ndi mpweya wam'tayala, buleki yogwira, kapena kapendekedwe ka mawilo. Alignment imangokonza kumene mawilo aloza. Singachotse kunjenjemera, chifukwa wilo lolemera mbali imodzi limakhalabe lolemera mbali imodziyo ngakhale litaloza molunjika bwanji.

Ulendo wachiwiri ndinapita kukachititsa balancing, ndiko kulinganiza kulemera kwa mawilo. Apa ndinaima pafupi n'kumaonerera. Tayala lakutsogolo kumanja ataliika pamakina n'kulizunguza, makinawo anaonetsa kuti mbali imodzi ikuperewera magalamu 30. Pamphepete pa limu pankaoneka kachizindikiro koyera pamene panali kachitsulo kolemetsa kamene kanagwa, mwina pa dzenje lina lamumsewu. Magalamu 30 ndi kanthu kochepa zedi, kosalemera n'komwe m'dzanja, moti ndinakayikira ngati kangagwedeze galimoto yathunthu. Nditafika kunyumba ndinakhala pansi n'kuwerengera. Matayala anga ndi a 195/65 R15, ndipo tayala lotere likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita awiri. Ndiye kuti pa liwiro la makilomita 100 pa ola limazungulira maulendo pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Pa liwiro limenelo kachitsulo ka magalamu 30 kali pamphepete pa limu kamakoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu oposa 4, ndipo mphamvuyo imaloza kumwamba, kutsogolo, pansi, kumbuyo, maulendo 14 sekondi iliyonse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake m'tauni simumva kanthu, koma pamsewu waukulu manja amachita dzanzi.

Nanga bwanji kunkachepa ndikadutsa 110? Zili ngati katungwe. Mukamakankha mwana pakatungwe pa nthawi yake yeniyeni, amakwera kwambiri ngakhale mukukankha ndi zala zokha. Mukakankha mofulumira kuposa mmene katungweyo akuyendera, mphamvu yanu imangotayika. Wilo pamodzi ndi sipuling'i yake lilinso ndi kadumphidwe kake, kamene pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono kamakhala pakati pa maulendo 10 ndi 15 pa sekondi. Kuzungulira kwa tayala kukagwirizana ndi kadumphidwe kameneka, kunjenjemera kumakula. Mukadutsa pamenepo kumazilala, koma vuto likadalipo, likudya mashoko ndi mabushi mwakachetechete. Ndimamva anthu akulangizana kuti "ingopondani moto, ikadutsa 120 imasiya yokha." Malangizo amenewo ndi oipa.

Balancing ija inathandiza. Kunjenjemera kwa pa 90 kunatsala pang'ono chabe. Koma phokoso lalikulu litachoka ndinayamba kumva timavuto timene linkabisa. Ndikamayenda pang'onopang'ono, pa 20 kapena 30, chiwongolero chinkagwedezeka mwaulesi, kumanja, kumanzere, ngati munthu akupukusa mutu. Ndikamatsika chitunda n'kuponda buleki pa liwiro lalikulu, chinkanjenjemera mwamphamvu ndipo phazi linkamva buleki ikugunda. Kukoka kuja kunalipobe, ndipo kunkakula ulendo ukamatalika.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire, makaniko wosalankhulalankhula, amene mnzanga anandilozera. Sanayambe n'kutsegula boneti. Anakhala pampando wa pambali n'kunena kuti ndiyendetse ndine.

"Imanjenjemera nthawi yanji, achimwene?"

"Nthawi zonse, bambo."

"Ayi, palibe galimoto yonjenjemera nthawi zonse. Mukaponda moto, mukachotsa phazi, kapena mukaponda buleki? Mumakumva m'manja kapena pampando? Ikangodzuka m'mawa kapena ikatentha?"

Ndinasowa choyankha, ngakhale kuti galimotoyo ndinali nayo tsiku lililonse. Mafunso amenewa ndi amene ndikufuna aliyense wowerenga pano awatenge, chifukwa theka la ntchito yofufuza lili m'menemo, ndipo amene angawayankhe bwino ndi woyendetsa, osati makaniko. Kunjenjemera komveka m'manja nthawi zambiri kumachokera kumawilo akutsogolo. Komveka pampando ndi pansi pa mapazi n'kwakumbuyo. Kobwera mukaponda buleki n'kwa madisiki. Kobwera mukaponda moto pokwera chitunda, n'kusiya mukangochotsa phazi, pa galimoto yokoka ndi mawilo akutsogolo kumakonda kukhala CV joint yamkati, mfundo ya shafti yozunguza wilo, yakufupi ndi giyabokosi. Yakunja ija ikatha imalira kuti tha tha tha mukamakhota kwambiri. Galimoto ikamanjenjemera ili chiimire, injini ili yolira, matayala alibe mlandu: yang'anani timiyendo tamphira tokhalira injini, kapena injiniyo ikudumphitsa moto.

Tinafika pamsewu wowongoka, wopanda magalimoto ambiri. Anandiuza kuti ndifewetse manja, zala zingotsala pafupi ndi chiwongolero. Pasanathe masekondi atatu galimoto inali italowera kumanzere. Anandiuzanso kuti ndiponde buleki mwamphamvu ndithu. Apa ndinadabwa, chifukwa mphuno ya galimoto inalumphira kumanja. Bambo aja anangogwedeza mutu n'kuti, "Imani apo pali mthunzipo, koma muime pang'onopang'ono."

Titatsika anayandikitsa kunja kwa dzanja lawo pa limu yakumanja, osaikhudza. Kenako anapita kumanzere n'kundiitana. Nditayandikitsa dzanja langa ndinamva kutentha kukuwomba ngati pachitseko cha uvuni, ndipo pankatuluka fungo lakuthwa la chinthu chopserera. Limu ya mbali imeneyo inali yakuda ndi fumbi la mapadi a buleki, pamene inzake inali yoyera ndithu. Fumbi limeneli ndinkaliona masiku onse potsuka galimoto, koma sindinadzifunsepo chifukwa chake likuchuluka mbali imodzi. Mukamayesa zimenezi musakhudze disiki ndi chala. Buleki yogwira imatenthetsa chitsulo mpaka madigiri mazana angapo, ndipo khungu limatsala pomwepo.

Kugalaja kwawo anakweza kutsogolo konse n'kuikapo zochirikiza zachitsulo, chifukwa jeke payokha si yodalirika munthu akamagwira ntchito pansi pa galimoto. Tayala lakumanja analikankha ndi dzanja limodzi, linazungulira kangapo lisanaime. Lakumanzere analikankha ndi manja awiri, silinathe n'komwe theka la kuzungulira. Asanachotse chilichonse anachita kanthu kamene ndinakakonda kwambiri. Anamasula pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya pa caliper, chitsulo chofinyira mapadi pa disiki, n'kuyesanso kuzunguza. Anandifotokozera kuti paipi yamphira ya buleki ikawonongeka mkati imatha kulola mafuta kupita koma osabwerera, ndiye buleki imakhala yomanga ngakhale phazi lachoka. Zikanakhala choncho, kumasula kabawutiko kukanatulutsa mafuta opanikizikawo ndipo tayala likanamasuka nthawi yomweyo. Langa silinamasuke. Vuto linali mu caliper mwenimwenimo.

Ataichotsa anandionetsa. Kamphira kotchinga fumbi kozungulira pisitoni yokankha mapadi kanali katang'ambika, mng'alu wake wosaposa chikhadabo. Madzi analowera pamenepo, ndipo pisitoni inali ndi mzere wa dzimbiri kuzungulira, wokhakhala ukaupalasa ndi chala. Inkatuluka movutikira ndipo sinkabwerera. Mapadi a mbali imeneyo anali atatsala ngati chikuto cha buku, owala ngati galasi chifukwa chopsa, pamene a kumanja anali ndi nyama yambiri. Zonse zinamveka tsopano. Poyenda, buleki yakumanzere inkagwira pang'ono nthawi zonse, galimoto n'kumakokera komweko, ndipo ikatentha inkagwira kwambiri. Poponda buleki, yakumanzere yotentha ndi yolimbayo sinkaluma mokwanira, yakumanja n'kuiposa mphamvu, mphuno n'kulumphira kumanja. Mafuta a mabuleki anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Anga sindinkadziwa kuti anasinthidwa liti.

Disiki nayo inali itasanduka yabuluu m'malo ena. Anthu timangoti disiki yapindika, koma bambo aja anati kawirikawiri si kupindika kwenikweni. Disiki imakhala yokhuthala pena, yopyapyala pena, chifukwa cha kudyeka mosiyana kapena chifukwa zotsalira za mapadi otentha zamatirira malo amodzi. Kusiyana kwake kumakhala kochepa kuposa kukhuthala kwa tsitsi limodzi, diso silingakuone, koma mapadi akamafinya amakankhidwa n'kubwerera pa kuzungulira kulikonse, ndiye phazi ndi manja zimamva. Kugunda kumeneku n'kosiyana ndi kwa ABS (makina oletsa mawilo kumangika poponda buleki), kumene kumabwera pokhapokha mwaponda mwadzidzidzi kapena pamalo oterera, ndipo si vuto.

Tinasintha madisiki onse awiri ndi mapadi a mbali zonse, chifukwa za mabuleki sasintha mbali imodzi. Pomanga ndinaona chifukwa chake anthu ena amasintha madisiki n'kubwereranso patangotha miyezi itatu ndi vuto lomwelo. Bambo aja anatenga nthawi yaitali akupala dzimbiri pankhope ya habu, pokhalira disiki, ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chinawala. Anati kadzimbiri kakang'ono kakatsala pamenepo, disiki yatsopano imakhala mopendekeka, imayamba kukhula padi malo amodzi, ndipo posakhalitsa kugunda kumabwerera. Manati a wilo sanawamange ndi mfuti yampweya ija. Anawamanga ndi dzanja, modumphadumpha ngati akujambula nyenyezi, n'kumalizira ndi sipanala yoyeza mphamvu, imene imalira kuti kha ikafika pa mlingo. Magalimoto ambiri ang'onoang'ono amafuna pakati pa 100 ndi 120 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), ndipo nambala yeniyeni imakhala m'buku la galimotoyo. Kumanga nati imodzi mopitirira muyeso inzake ili yofooka kumapotoza disiki. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona munthu akudumphira pa sipanala ndi phazi pomanga tayala langa, ndimamuletsa mwaulemu.

Ndinkaganiza kuti tamaliza. Titabwerera pamsewu buleki inali yosalala, kukoka kwakukulu kunali kutatha, koma galimoto inkatsetserekabe pang'ono kumanzere, ndipo kupukusa mutu kwa pa 20 kuja kunalipobe.

Apa bambo aja anayamba ndi geji ya mpweya, n'kunena kuti akanayenera kuyambira pomwepo m'mawa muja. Tayala lochepa mpweya limalemera kuligudubuza, choncho galimoto imakokera mbali yake, ndipo kusiyana kooneka kochepa pakati pa kumanzere ndi kumanja n'kokwanira kuti mumve. Mlingo woyenera sukhala nambala yolembedwa patayala, imeneyo ndi malire a tayalalo. Umalembedwa pakapepala komata pafelemu ya chitseko cha woyendetsa kapena pachivundikiro cha thanki, ndipo muyeze matayala asanatenthe. Anga anali ofanana. Ndiye anasinthanitsa matayala awiri akutsogolo, lakumanzere kupita kumanja, lakumanja kubwera kumanzere. Tinayendanso msewu womwe uja. Galimoto inayamba kutsetserekera kumanja.

Kuyesa kumeneku sikufuna makina alionse, koma kumayankha funso lalikulu. Kukoka kukasamuka limodzi ndi tayala, mlandu ndi wa tayala. Kukatsala mbali yomweyo, yang'anani zitsulo za galimoto. Chenjezo n'lakuti matayala ena ali ndi muvi m'mbali wosonyeza kumene ayenera kuzungulirira, ndipo amenewo sakhalitsa mbali yolakwika.

Anakwezanso galimoto, n'kutenga choko, n'kuchigwira chilili pafupi kwambiri ndi mizere ya tayala lija linali kumanzere, ine ndikulizunguza pang'onopang'ono. Choko sichinkakhudza, sichinkakhudza, kenako pamalo ena chinalemba mzere woyera wotalika ngati chikhatho. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pamalo amenewo mizere ya tayala ikukhota ngati njira ya njoka, ndipo nditasisita ndi dzanja ndinamva chotupa. Mkati mwa tayala muli malamba a waya, ndipo akalekana ndi mphira, kaya chifukwa chomenya dzenje, kutentha kapena ukalamba, tayala limasiya kukhala lozungulira. Kutentha kwa buleki ija miyezi yonseyo sikunalichitire zabwino. Makina a balancing anali atalivomereza tayala lomweli, chifukwa iwo amayeza kulemera, ndipo dzira nalonso mukhoza kulilinganiza kulemera koma silingagudubuzike ngati mpira. Tayala lotere limaphulika osachenjeza. Ndikakumbukira kuti ndinkathamanga nalo pa 110 ana ali kumbuyo, mtima umandigunda mpaka pano.

Anandionetsanso manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo DOT m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Langa linali litadutsa zaka 7, ngakhale mizere yake inali isanafike pa timizere topingasa tosonyeza malire a mamilimita 1.6. Ine ndinkangoyang'ana kuzama kwa mizere n'kumati tayala likadali labwino.

Galimoto ili m'mwamba chomwecho, anagwira tayala lililonse m'mbali, dzanja lina kutsogolo lina kumbuyo, n'kuligwedeza. Likamasewera pamenepo ndiye kuti tie rod end kapena rack end, mfundo ya ndodo yolumikiza chiwongolero ndi wilo, yatha. Analigwiranso pamwamba ndi pansi. Kusewera kwa pamenepo kumaloza ku ball joint, mfundo yonga mpira yogwira wilo, kapena bering'i imene wilo limazungulirapo. Bering'i yakutha imadziwikanso ndi kulira kwa huuu kokula ndi liwiro, kumene kumasintha mukakhotera mbali ina. Zanga zonse zinali zolimba. Zikapezeka zikusewera, musachedwe nazo, ndipo musalipire alignment zisanasinthidwe, chifukwa wilo losewera silingasunge muyeso uliwonse. Ball joint ikazuka, wilo limagona pansi galimoto ikuyenda. Ndipo kunjenjemera kukayamba mwadzidzidzi, makamaka tayala litangomasulidwa kumene, imani pomwepo muone manati.

Nditagula matayala awiri atsopano akutsogolo m'pamene bambo aja anati tsopano ndikhoza kupita ku alignment, ndipo ndikapemphe pepala la miyeso, ya galimoto isanakonzedwe ndi itakonzedwa. Pepalalo limakhala ndi mayina atatu. Toe ndi mmene mawilo alozera mkati kapena kunja, ngati zala za kumapazi za munthu woimirira. Ikalakwika imadya matayala msanga n'kupotoza chiwongolero, koma payokha sikonda kukoka. Camber ndi kupendekeka kwa wilo mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo, ndipo galimoto imakokera mbali imene mutu wa wilo wapendekera kunja kwambiri kuposa linzake. Caster ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere umene wilo limakhoterapo, kofanana ndi foloko ya njinga, ndipo ndi imene imabweza chiwongolero pakati mukamaliza kukhota. Galimoto imakokera mbali imene caster yachepa. Pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono chosinthika kutsogolo ndi toe yokha. Camber kapena caster ikasiyana kwambiri pakati pa mbali ziwiri, ndiye kuti pali chopindika kapena bushi yatha, ndipo kupotokola tie rod sikungachize zimenezo. M'pamene ndinamvetsa chifukwa chake alignment yoyamba ija inangowongola chiwongolero basi.

Kukoka kwina sikukhala vuto n'komwe. Misewu imamangidwa yokwera pakati, yotsetsereka cham'mphepete kuti madzi amvula azichoka, choncho galimoto yabwinobwino imatsetserekera pang'onopang'ono kumphepete mukaisiya. Mphepo yowomba cham'mbali ndi katundu wolemera mbali imodzi zimachitanso chimodzimodzi. Ngati mukukayikira, pezani bwalo lalikulu lathyathyathya lopanda anthu, muyende uku n'kubwereranso mzere womwewo. Galimoto imene yaima masabata angapo imathanso kugunda pang'ono poyamba chifukwa matayala aphwatalala pamene anakhalira, koma zimatha akatentha.

Tsiku lotenga galimoto komaliza ndinawafunsa bambo aja ngati pali china choti ndizichita. Anandipatsa choko chija, chotsala theka, n'kuti ndigule geji yangayanga chifukwa za pamalo opopera mpweya zimagwetsedwa kawirikawiri ndipo sizinena zofanana. Zonse ziwiri zimakhala m'kabokosi ka kutsogolo, pamodzi ndi kabuku kamene ndimalembamo liwiro, msewu ndi chimene phazi linkachita ndikamva chachilendo. Mwezi watha ndinalembamo kuti: pampando, osati m'manja, pa 95, phazi lili pamoto kapena ayi n'chimodzimodzi. Nditasuzumira kuseri kwa limu yakumbuyo kumanja ndinapeza chibuma cha matope ouma chitamatirira mkati, chachikulu ngati chibakera. Ndinachigwetsa ndi kamtengo, n'kutsukamo ndi madzi, ndipo pobwerera mpando unali bata.